Mfuu Yochokera ku South Pole

Ndiloleni ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Mwezi wathawu, m'chipinda cha sayansi, ntchito yanga yoyesa inakanika, ndipo poopa manyazi ndinakopera manambala a mnzanga m'buku langa. Lero ndikuvomera kuti ndinalakwa, ndipo chimene chanditsegula maso ndicho nkhani ya kanthu kotchedwa nyutirino.

Nyutirino ndi kanthu kochepetsetsa, kamene kamapyola thanthwe, nyanja ndi thupi la munthu osaima. Kukagwira nkovuta ndithu. Chifukwa chake akatswiri anaboola madzi oundana a ku South Pole, natsitsiramo zingwe 86 zokhala ndi timaso ta makina 5,160, kufikira mamita 2,450 pansi. Msampha umenewu, dzina lake IceCube, anatsiriza kuutchera m'chaka cha 2010.

Tsono pa 22 September 2017 timasoto tinaona kuwala kosonyeza kuti nyutirino yamphamvu koopsa yafika. Isanathe mphindi imodzi, makina anatumiza mfuu kwa openda zakumwamba pa dziko lonse, kutchula mbali ya thambo kumene inachokera, m'gulu la nyenyezi la Orion momwe muli Akamwiniatsatana. Eni msampha sanali otsimikiza kuti yachokeradi kutali, pakuti zina zimabadwira m'mlengalenga mwathu momwe muno. Komabe anakuwa, monga akuwira munthu woona phazi la chilombo kudambo, kuti mudzi wonse utuluke.

Ndipo anthu anatulukadi. Makina oonera kutali a H.E.S.S. ku Namibia analoza komweko atapita maola anayi, koma sanaone kanthu, ndipo eni ake ananena poyera kuti sanaone kanthu. Makina a Fermi, amene amazungulira dziko m'mwamba, anapeza kuti mlalang'amba wina, TXS 0506+056, unali kulilima koposa masiku onse. A MAGIC pa chilumba cha La Palma anaonanso cheza chake champhamvu. Pakati pa mlalang'ambawo pali chidzenje chakuda cholavula moto molunjika kwa ife, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 4 biliyoni kuti kutipeze.

Apo a IceCube anabwerera ku zolemba zawo zakale, napeza kuti pakati pa September 2014 ndi March 2015 kunachokera manyutirino ena ngati 13 kumalo komweko, kuposa amene anayembekezeka. Zonsezi anazisindikiza mu July 2018.

Alipo ena pakati pathu amene amati kumeneku nkutaya nthawi ndi chuma, popeza mfuu zambiri zamveka chiyambire, ndipo kawirikawiri ofufuza amabwerako chimanjamanja. Nzoona kuti amabwerako chomwecho. Koma kodi mlenje amene wasaka thengo lonse, nanena kuti m'menemo mulibe nyama, sanathandize anzake? Iwo adziwa tsopano kosayenera kupita, ndiponso adziwa kuti chimene chikubisalacho nchochepa motani. A ku Namibia akadanama kuti aona cheza, pofuna kufanana ndi anzawo, bwenzi atasokeretsa dziko lonse. Nawonso a IceCube akadataya zolemba za 2014 poganiza kuti nzachabe, bwenzi umboni wachiwiri uja utapita nazo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Motero ndikupempha zinthu ziwiri. Kwa ife ophunzira: tiyeni tizilemba chimene maso athu aona, ngakhale chisiyane ndi cha m'buku, ndipo tisang'ambe tsamba la ntchito yokanika. Kwa aphunzitsi athu, ndi ulemu wonse: mwana wolemba moona kuti ntchito yake yakanika, nafotokoza pamene aganiza kuti panalakwika, muzimpatsako malikisi. Tikamalangidwa chifukwa cha manambala oona, tidzaphunzira kukonda manambala abodza.

Ine tsamba langa lokopera lija ndalikhwatcha ndi inki yofiira, ndipo Lolemba ndikapempha chilolezo choyesanso.

Wophunzira wa Fomu 3