Funso loti "anavala chiyani?" latitopetsa

Mlungu watha pa depoti ya maminibasi ndinaona mtsikana wina akukuwizidwa ndi oitanira chifukwa siketi yake inalekera pamwamba pa mawondo. Wina anamukoka chikwama, wina anamugwira m'chiuno. Atathawira m'minibasi yathu akunjenjemera, bambo wina wovala tayi amene anakhala pafupi nane anapukusa mutu nati, "Komanso ana a masiku ano, kavalidwe kanji kameneka?" Za anyamata amene anamugwira aja sananenepo kanthu. Inenso ndinangokhala duu, ndipo manyazi ake akundigwirabe.

Funso limeneli si lachilendo m'dziko muno. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Lamulolo linatha pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, koma linangochoka m'mabuku n'kukakhala m'mitu ya anthu. Mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe anayamba kuvula amayi ovala mabuluku pakati pa msewu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo khalidweli linafalikira m'mizinda ina. Anati akuteteza chikhalidwe. Chikhalidwe chanji chimene chimateteza ulemu wa mkazi pomusiya maliseche pagulu? Amayi anasonkhana ku Blantyre kutsutsa zimenezi, ambiri atavala mabuluku omwewo, ndipo Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anali nawo. Bingu wa Mutharika anachita kulankhula pa wailesi kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Tangoganizani, Pulezidenti wa dziko kuchita kulengeza za buluku!

Amene akukhulupirirabe kuti vuto ndi nsalu apite ku Msundwe akafunse. Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa pa zionetsero kumeneko, apolisi analowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission litafufuza linapeza kuti amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza zina. Awa anali anthu akumudzi, ali m'nyumba zawo ndi pamalo awo a geni. Sanali kumowa, sanali kuyenda usiku. Amayi ndi atsikana 18 anapita kukhoti mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti apatsidwe chipepeso. Ndiuzeni tsono, amayi amenewa anayenera kuvala chiyani kuti apulumuke? Chitenje chachiwiri pamwamba pa choyamba?

Funsoli lili ndi ntchito imodzi yokha, kuchotsa mlandu pa wolakwa n'kuusenzetsa wolakwiridwa. Ndipo limasintha zovala zake molingana ndi malo. Pa depoti limati "anavala chiyani", m'banja limati "unamuyankha bwanji kuti akumenye", pasukulu limati "ankakatani ku ofesi ya aphunzitsi madzulo". Ife ophunzira timadziyesa otsogola, koma tonse tikudziwa zimene zimachitika m'magulu athu a WhatsApp mtsikana akadandaula kuti wina akufuna kugona naye kuti amupatse malikisi. Mphindi zochepa chabe zithunzi zake za pa Facebook zayamba kuzungulira, anthu akuyeza kutalika kwa diresi. Dzina la bamboyo palibe amene akulitchula, poti aliyense akuopa kulephera mayeso.

Malamulo tili nawo, ndipo ndi abwino. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wa amayi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pankhani zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 komanso ndende zaka zisanu. Koma lamulo silidziyendetsa lokha. Limadikira munthu wokadandaula, ndipo mtsikana sangakadandaule ngati akudziwa kuti funso loyamba limene akalandire ndi la siketi yake.

Achimwene anga, ndikudziwa yankho lanu, mumati si amuna onse. Zoona, si onse. M'minibasi muja munali amuna oposa khumi ndipo palibe amene anamugwira mtsikana uja. Komanso palibe amene anatsegula windo n'kukalipira anyamata aja. Amene analankhula ndi mmodzi yekha, ndipo anadzudzula siketi. Oitanira aja amadalira kukhala chete kwanuko. Mumakwiya zikachitikira mlongo wanu, koma mkazi asachite kukhala mlongo wanu kuti ayende mwamtendere kuchoka ku hositelo kupita ku laibulale.

Sitikupempha chifundo ayi. Tikufuna kuti mkazi akanena kuti wagwiridwa, mafunso apite kwa amene wamugwira: dzina lake ndani, anali kuti, ndani anamuona. Mtsikana uja anatsikira pa siteji yachiwiri, atakulunga juzi m'chiuno kubisa mawondo. Bambo wa tayi uja anapitiriza ulendo wake akuwerenga nyuzipepala.