Maso a m'mlengalenga ndi golide wa pansi pa minda yathu

Ambiri mwa ife tikukumbukira ndege zija zimene zinkauluka chapansipansi pamwamba pa midzi yathu m'zaka za 2013 ndi 2014, pa ntchito imene anthu adaitcha Kauniuni. Ntchitoyi idagwiridwa ndi kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics, ndi thandizo la World Bank ndi European Union. Kuyambira nthawi imeneyo sikusowa munthu wonena kuti ndege zija zidaona golide paphiri lakutilakuti. Mawu amenewa ngofunika kuwongola, chifukwa amatha kutayitsa banja munda wake.

Choona n'chakuti palibe ndege kapena setilaiti imene imaona golide mwiniwake. Ndege za Kauniuni zinkayeza mphamvu ya maginito ya miyala, kulemera kwake, ndiponso cheza chochokera ku potaziyamu, thoriyamu ndi yureniyamu. Masetilaiti nawonso, monga a Landsat amene adayamba mu 1972, kapena makina a ASTER amene adatumizidwa mumlengalenga mu 1999, amajambula kuwala kwa dzuwa kumene nthaka ikubweza, kuphatikizapo kuwala kosaoneka ndi maso athu. Mwala uliwonse umabweza kuwalako mwa njira yakeyake. Madzi otentha amene adakweza golide kuchokera pansi kalekale adasiya dongo, dzimbiri ndi mitsempha ya mwala woyera m'ming'alu ya matanthwe, ndipo akatswiri amalondola zizindikiro zimenezi monga mlenje alondola mapazi a nyama. Koma mapazi si ndiwo. Njirayi imathandiza kwambiri m'chipululu monga cha ku Nevada kapena ku Egypt, pomwe kwathu kuno mitengo, udzu ndi dothi lakuya zimabisa zambiri. Pamafunikabe kupita pamalopo, kutenga miyala, kuboola pansi ndi kupima, mwinanso kwa zaka zingapo, ndipo malo ambiri amapezeka kuti alibe phindu.

Nkhawa yathu ili apa: mapu amawerengedwa ndi ochepa, ndipo womaliza kudziwa ndi mlimi amene akulima pamalopo. Taona khamu la anthu likuthamangira ku Makanjira ndi m'nkhalango ya Namizimu ku Mangochi, mitsinje ikuwonongeka, ana akusiya sukulu. Banki yayikulu ya dziko lino idayamba kugula golide mu 2021, koma msika wokha sungateteze mlimi amene sadziwa za pansi pa munda wake.

Choncho boma liyenera kufotokoza zotsatira za kafukufuku wotere m'chinenero cha anthu, pamaso pa mafumu ndi makhonsolo. Ndipo mlendo akabwera ndi chithunzi cha setilaiti nafuna malo, afunsidwe chilolezo cha boma, pakuti mwalamulo miyala ya pansi ndi ya dziko lonse. Munda ukudyetsa ana lero. Golide wa pachithunzi sadaonekebe. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.