Ng'ombe ikayamba kuwefuka, masulani goli

Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo kuno ku Kapondo, ndipo ndi nthawi yomwenso ngolo zimakhala kalikiliki kututa manyowa, njerwa ndi feteleza mvula isanagwe. Ife tikuti ng'ombe zizigwira ntchito m'mawa ndi madzulo basi, masana zizipuma.

Ophunzira a Biology akudziwa chifukwa chake. Thupi la ng'ombe yathanzi limatentha pafupifupi madigiri 38.5. Likapitirira pamenepo, mitsempha ya pakhungu imatseguka kuti magazi akataye kutentha kunja, ndipo mtima umagunda mofulumira. Magazi opita m'matumbo amachepa, n'chifukwa chake ng'ombe imasiya kudya. Imapuma mwawefuwefu, kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha. Madzi akamatha m'thupi, magazi amalimba, mtima umalephera kuwafikitsa ku ubongo, ndipo chiweto chimagwa. Woyendetsa ngolo amati ndi ulesi, n'kutenga chikwapu.

Nkhuku zimavutika koposa chifukwa sizituluka thukuta. Zimangoyasamula ndi kutambasula mapiko. Zikawefuka nthawi yaitali zimataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka, magazi amasokonekera, ndipo zimaikira mazira a zigoba zopyapyala.

Ena anena kuti ganyu sadikira dzuwa. N'zoona, ndalama ya fizi imachokera m'ngolo zomwezi. Koma ndalama ya ulendo umodzi wa masana singagule ng'ombe ina, ndipo goli silikokedwa ndi ng'ombe imodzi.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi ndi ya chipembedzonso. Imam Bukhari adalemba hadisi ya Mtumiki Muhammad (SAW) yonena za munthu amene adaona galu akuwefuka ndi ludzu, n'kumutungira madzi pachitsime ndi nsapato yake, ndipo Allah adamukhululukira machimo. Ngati galu wapanjira adapezetsa munthu chikhululuko, nanga ng'ombe imene imatidyetsa?

Makolo, mangani ngolo mukangoswali Fajr, mumasule dzuwa lisanafike paliwombo, mudzayambirenso ikatha Asr. Ophunzira, musanabwere kusukulu onetsetsani kuti mbuzi mwaimangirira pamene mthunzi udzakhalepo masana, ndipo nkhuku mwazisiyira madzi. Chiweto chikagwa, chiikeni pamthunzi, chithireni madzi ozizira thupi lonse, ndipo itanani alangizi a ziweto.

A komiti ya mzikiti, tikupempha kuti masheikh athu ayikepo mawu pa khutba ya Ijumaa mwezi uno kutentha kusanafike pachimake.