Jajani manja a mwana, thumba la atate lisiyeni

Holide ikayandikira, masukulu na machechi mu Lusaka muno amayamba kusakila zochita zakuti ana asamangogona pa foni. Ena amaika bola, ena zovina, ena amakumbuka masewera amene ise tinakula nawo: tumotoka topanga pamanja. Nzeru yabwino maningi. Koma imwe amene munakhalako pa mpikisano wa ana mudziwa mwamene umathera. Ba MC akangotchula wowina, kumbuyo kwa tenti kumamveka liwu limodzi: "Batibera!" Amayi wina anyamula chikwama, agwira mwana pa dzanja, ulendo wa ku geti, mwana uku akoka motoka yake pansi monga yamulakwira.

Manje tiyeni tiyerekeze kuti jaji ndimwe. Pa tebulo pali tumotoka tutatu. Yoyamba ni Rosa ya mawaya ya mnyamata wa ku Kabwata: mawilo anadula ku patapata yakutha, mipando ni katoni ya Shake Shake, chitseko chimatseguka, ndipo ukapotoza waya wautali wa sitiyelingi mawilo akutsogolo amakhota zoona. Yachiwiri ni Toyota Supra ya pulasitiki ya mtsikana wa ku Kabulonga. Inabwera m'bokosi ili tuzidutswa, iye anamata na kupenta yekha masabata atatu. Yachitatu ni Land Cruiser ya chitsulo, yonyezimira, imene atate a mwana wa ku Woodlands anagula dzulo madzulo pa mall, anangochotsako ka pepala ka mtengo. Mphoto ni imodzi chabe. Muzapatsa ndani?

Mukapatsa Land Cruiser, mwayamikira fakitale na thumba la atate. Mukapatsa Supra, a ku Kabwata azakamba kuti ba jaji aopa a kumayadi. Mukapatsa Rosa chifukwa cha chifundo, mtsikana uja mwamulanga pa mlandu wakuti kwawo kuli ndalama, pamene nayenso anakhala pansi kugwira nchito. Kulikonse kumene mungapite wina azalira, ndipo wolakwa ni uja anaika zinthu zitatu zosiyana pa tebulo imodzi. Chilungamo cha mpikisano chimayamba masabata angapo tsiku lisanafike, pa pepala la malamulo, ndipo pepala limenelo liyenera kufunsa funso limodzi: manja a mwana uyu achitapo chani?

Anzathu akunja amene amapikisana na tumotoka twa m'bokosi anaiphunzira kale nkhani iyi. Bungwe lawo lodziwika, IPMS, linayamba ku Britain mu 1963 ndipo lili na nthambi m'mayiko ambiri. Pa mipikisano yawo ana sapikisana na akulu. Wopanga monga mwamene bokosi likambira ali na gulu lake, wosintha zinthu kapena woyamba popanda bokosi nayenso lake. Ku America, ukalowa gulu la m'bokosi uyenera kuika pepala la malangizo la fakitale pambali pa motoka, kuti ba jaji aone ngati unaonjezako zamseri. Nayo sikelo amailemba poyera. Mukaona 1:24, monga pa mabokosi ambiri a Tamiya, ndiye kuti muyeso uliwonse wa motoka yeniyeni augawa na 24: motoka yotalika mamita 4.8 imakhala masentimita 20. Tuja twa Hot Wheels tokwana m'dzanja tuli pafupi na 1:64.

Ise sitifunika magulu ochuluka choncho. Awiri akwana: gulu la mawaya, zitini na zotolatola, na gulu la m'bokosi. M'gulu lililonse gawani misinkhu, chifukwa zala za mwana wa zaka 8 sizingapinde waya monga za mnyamata wa zaka 15. Nanga Land Cruiser yogula yathayatha? Ipatseni tebulo yake pambali, anthu aione, ajambule zithunzi, mwana asangalale. Mphoto iyayi. Mukalemba zimenezi pa pepala loitanira, palibe kholo lizanena kuti silinamve.

Chotsatira, ba jaji agwirizane zimene ayangana. Diso la munthu limathamangira chonyezimira, nchifukwa chake ba jaji a IPMS amayamba na zinthu zosakoma kuyangana. Guluu ioneka? Mzere pamene zidutswa ziwiri zakumana aubisa bwino? Mawilo ali chilili, ndipo onse anayi agunda pa tebulo? Motoka ya penti yokongola ikhoza kuluza chifukwa wilo limodzi lili m'mwamba. Mayeso amenewa amagwiranso pa mawaya. Ikani motoka pa simenti yosalala. Mwini wake aiyendetse kufika ku chipupa, akhote, abwerere. Gwirani pamene waya wakumana na unzake, muone ngati malegeni kapena ka waya kakang'ono komangira kagwira zolimba. Pitisani chala m'mbali: nsonga zapindidwa kapena zizacheka mng'ono wake kunyumba?

Ine nikanakhala wolemba fomu ya gulu la mawaya, nikanagawa mamakisi 100 motere: 40 kulimba na udongo wa mapangidwe, 25 kufanana na motoka imene mwana akuti wapanga, 20 zoyenda monga sitiyelingi, zitseko na masipuling'i, 15 zokongoletsa. Pa kufanana sitifuna mamilimita. Tifuna chabe kuti wina aliyense wokwera basi pa Kulima Tower akaiona anene yekha kuti iyi ni Hiace, iyo ni Rosa. Imwe mungagawe mwina, palibe kanthu, malinga manambala alembedwe tsiku lisanafike ndipo ana awaone. Mwana akadziwa kuti zokongoletsa ni 15 chabe sazavutitsa amayi ake kuti agule sipuleyi yodula. Lembaninso kuti waya ukhale wotola. Fensi ya aneba na nthambo za magetsi sizili pa malamulo.

Manje tifike pa chilonda chenicheni: anapanga ni ndani? Tonse timaidziwa motoka ija imene mwana wa giredi 3 amabwera nayo, yowotcherera bwinobwino monga yachokera kwa amisiri a pa Kabwata Cultural Village kapena pa msika wa pa Sondo ku Arcades. Mukamufunsa sitiyelingi isebenza bwanji, ayangana atate ake. Atate nawo maso ali kumwamba, awerenga malata.

Vuto iyi si ya kuno chabe. Ku America kuli Pinewood Derby, mpikisano wa ma Cub Scout umene Don Murphy anayambitsa mu 1953 ku Manhattan Beach, California. Mwana aliyense amapatsidwa zofanana: ka thabwa kamodzi, mawilo anayi na misomali inayi, ndipo motoka isapitirire kulemera ma ounce 5, pafupifupi magalamu 142. Amaipima pa sikelo pamaso pa onse isanathamange. Ngakhale zili choncho madandaulo akuti azitate ndiwo amapanga sanathe, mpaka magulu ambiri anaika mpikisano wina wa akuluakulu kuti atate akasewere kwawo, motoka ya mwana aisiye.

Kumeneko kumene, mu 1973, ku Akron, Ohio, kunachitika zochititsa manyazi pa Soap Box Derby, mpikisano wa tumotoka topanda injini tumene mwana amakwera mkati kutsika phiri. Mnyamata wa zaka 14 anawina dziko lonse. Patapita masiku awiri anamulanda ulemu, X-ray itaonetsa maginito amagetsi obisika kutsogolo kwa motoka, amene anali kuikokera ku chitsulo choyambira kuti inyamuke msanga kuposa ena. Nzeru inachokera kwa wamkulu wa m'banja mwake, koma dzina limene linamveka dziko lonse ni la mwana. Imwe atate amene mukuti muthandizako pang'ono chabe, chimene mumusenzetsa mwana ni chimenecho.

Mankhwala ake tili nawo kale kuno. Amene munapitako ku JETS, imene yakhala m'masukulu a Zambia kuchokera 1968, mukumbuka kuti wophunzira amaimirira pambali pa chimene wapanga, nkuyankha mafunso a ba jaji na pakamwa pake. Chitani chimodzimodzi. Mufunseni mwana kuti waya anaupeza kuti, chinamuvuta kwambiri nichani, anakonza bwanji. Amene anapanga yekha sasowa chokamba, azakuonetsani na chipsera pa chala. Ngati mukaikabe, ikani pulayazi na ka waya pa tebulo, aliyense apinde wilo limodzi. Aliyense, osati uja mwamuganizira yekha, kuti pasakhale wochititsidwa manyazi. Chizungu chisakhale pa mamakisi. Mwana wa ku Chelstone akafotokoza ekiselo yake m'Chinyanja kapena m'Chibemba, wafotokoza. Ndipo azitate amene zala ziwayabwa, atsegulireni gulu lawo. Muzaona ba manijala a ku banki agwada m'fumbi.

Nanga ba jaji eni ake? Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthu amene mwana wake, mphwake kapena mwana wa ba landilodi ake ali pa tebulo asagwire fomu ya gulu limenelo, olo akhale woyera mtima monga m'busa. Akapatsa m'bale wake anthu azakamba, akamumana dala wamulakwira mwana. Ku IPMS lamulo ni lomwelo: sujaja gulu limene iwe walowamo, ndipo kawirikawiri amayenda atatu kuti awiri akasiyana wachitatu adule. Nayenso mlendo wolemekezeka amene wapereka ndalama ya mphoto, nchito yake ni kupereka mphoto na kujambulitsa. Pa fomu ikani anthu odziwa chitsulo: makanika wa pa kona, wowotcherera mageti, ba tichala a sayansi ochokera ku sukulu ina. Makanika azaona m'kamphindi kuti mwana uyu wamvetsa mwamene mawilo akutsogolo amakhotera pamodzi, chinthu chimene ise ena sitingachione.

Maina abiseni. Motoka iliyonse ikhale na nambala, ndipo jaji aliyense alembe mamakisi ake payekha, ana na makolo ali panja. Akatha ndiye muitane ana ku mafunso. Mukatero dzina la banja, yunifomu ya sukulu yodula na motoka imene yamusiya pa geti zifika mochedwa, mamakisi a manja alembedwa kale.

Ena azati, nanga tingoleka anthu asankhe na kuomba m'manja? Ku America kuli mashowo otchedwa NNL kumene kulibe ba jaji, opanga eni ake ndiwo amavota. Kumeneko zimayenda chifukwa ovota onse amadziwa nchito. Kuno kuomba m'manja kumapima ukulu wa banja. Mwana amene wabwera na azakhali asanu na kwaya yonse azagonjetsa mwana wamasiye amene wabwera yekha pa basi. Ngati mufuna, ikani mphoto yaing'ono ya motoka imene anthu aikonda, muitchule dzina lake lenileni, isalowe m'malo mwa mphoto yaikulu.

Palinso nkhani ya namba wanu, thu na fili. Ana akakhala 30 m'gulu limodzi, 27 abwerera chimanjamanja, ndipo wachinayi mwina wasiyana na wachitatu na makisi imodzi. Mipikisano ina yakunja imapima motoka iliyonse na muyeso woikika m'malo moipima na inzake: yofika pamwamba golide, yotsatira siliva, yotsatira buronzi, olo agolide akhale anayi kapena pasapezeke na mmodzi. Pa ana njira iyi niikonda. Mungati mamakisi 80 kupita m'mwamba ni golide, 65 siliva, 50 buronzi, ndipo njinga kapena chikwama cha sukulu chipite kwa woposa onse. Sinikamba zakuti aliyense awine. Ana si opusa, setifiketi yopatsa aliyense amapangira ndeke. Nikamba zakuti mwana adziwe pamene waima na chimene chamuikapo.

Chomaliza ndiye chotchipa kupambana zonse: fomu ija mupatseni mwana apite nayo kunyumba, jaji atalembapo mizere iwiri. "Sitiyelingi yako ni yabwino. Mawilo akumbuyo agwedera, manga zolimba." Mwana woluza amene wauzidwa chifukwa amafika kunyumba nkufuna pulayazi. Woluza mosadziwa chifukwa amaphunzira phunziro lina, limene ambiri a ise tinaliphunzira msanga: kuti mu tauni muno chimawina ni kudziwana, ndiye kuvutikiranji. Mwana wa zaka 10 akameza zimenezo, muzavutika kumuchotsa pa mayeso a giredi 12, pa intavyu ya nchito, na pa tsiku la mavoti.

So imwe makolo, pepala la mpikisano likabwera m'chikwama cha mwana temu ino, musanapereke ndalama yolowera funsani mafunso atatu: magulu ni angati, mamakisi agawidwa bwanji, ba jaji ni ndani. Ba hedi kapena ba tcheya akayamba kukanda mutu, musakwiye, dulani tsamba lino muwapatse. Ndipo mukafika kunyumba, pulayazi mupatseni mwana, imwe mugwire tochi.