Musapacike Mulungu pa nambala 400

Sabata yatha pa pulogilamu yathu ya acinyamata, m'bale wina anatuma foni kucokela ku Kanyama. Anati waona kavidiyo pa WhatsApp kamene kathetsa mkangano wonse: dzuwa limaposa mwezi kukula maulendo 400, komanso lili kutali kuposa mwezi maulendo 400, ndiye cifukwa cake pa kadamsana mwezi umalitseka ndendende. Kwa iye zimenezi sizingacitike mwangozi, ndipo amene akutsutsa ni wouma mutu cabe. Nthawi inatithela pa wailesi, conco niyankhila pano. M'bale wanga, kavidiyo kaja ni cikomekome ca mkuyu.

Musaganize kuti kadamsana nimamupeputsa. Pa 21 June 2001 ninali mwana wa pulaimale muno mu Lusaka. Itangopitilila 15 koloko kunazizila, nkhuku zinayamba kulowa m'khola, ndipo kwa mphindi zitatu na masekondi ocepa dzuwa linasanduka cibowo cakuda cozungulidwa na kuwala koyela. Amayi anagwada pansi. Ine ninalila osadziwa cimene nikulilila. Mpaka lelo sininaonepo cinthu cokongola ngati cija, ndipo pa Sondo mudzanipeza ku chechi monga imwe. Koma kukongola kwa cinthu sikusandutsa masamu olakwika kukhala olondola.

Tiyeni tiŵelenge. Dzuwa kudutsa pakati ni makilomita pafupifupi 1,392,000, mwezi ni 3,474. Mukagawa mupeza 400, apo kavidiyo kanena zoona. Manje mtunda: dzuwa lili pa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, mwezi uli pa 384,400 tikatenga pakatikati. Gawani pa foni yanu. Mupeza 390, osati 400. Nambala anaikankhilako pang'ono kuti imveke bwino m'khutu.

Komanso mwezi sukhala pa mtunda umodzi. Njila yake si yozungulila bwinobwino ngati tayala. Mwezi uliwonse umabwela pafupi, ca m'ma makilomita 363,000, kenako umapita kutali, ca m'ma 405,000. Ukadutsa kutsogolo kwa dzuwa uli kutali, umacepa, ndipo m'mbali mumatsala mphete yamoto. Ni zimene anaona anzathu a ku Tanzania na kumpoto kwa Mozambique pa 1 September 2016, ife kuno tikuona dzuwa lolumidwa mbali imodzi. Ndipo akadamsana a mphete amacitika kaŵilikaŵili kuposako aja otseka dzuwa lonse. Telala amene suti yake imakukwana tsiku lina, tsiku lina n'kukucepela, sitimucha katswili wopima ndendende.

Cina cimene kavidiyo sikanakuuzeni n'cakuti mwezi ukutithawa. Mu 1969 a Apollo 11 anasiya magalasi pa mwezi, ndipo kucokela nthawi imeneyo asayansi amawaombela kuwala kwa laser n'kupima nthawi imene kumatenga kuti kubwelele. Apeza kuti caka ciliconse mwezi umatalikila masentimita 3.8, liŵilo lofanana na mmene zikhadabo zanu zimakulila. Cimacititsa ni kukokana kwa mwezi na madzi a m'nyanja zikuluzikulu. Kalekale unali pafupi, unali kuoneka waukulu kuposa dzuwa. Pakadzapita zaka pafupifupi 600 miliyoni udzakhala utacepa kwambili moti kadamsana wathunthu sadzaonekanso. Ndiye kufanana kumene tikuona ni kwa kanthawi. Zili monga kutenga kakobili ka K1 n'kumakasendeza kutali na diso uku mukuyang'ana Findeco House muli patali: penapake kadzakwanilana na nyumbayo. Kufika pamalo amenewo si cozizwitsa, ni ulendo cabe wa dzanja.

Mwina mufunsa kuti, nanga n'cifukwa ciani ife tilipo panthawi yeniyeni imene zikufanana? Funso labwino, ndipo si la mbuli. Mu 2004 Guillermo Gonzalez na Jay Richards analemba buku lochedwa The Privileged Planet, mmene amati dziko linakonzedwa kuti tizitha kuphunzila zakumwamba. Amachula zinthu zoona: pa kadamsana wa 1868 ku India kunaoneka cizindikilo ca mpweya umene pambuyo pake unachedwa helium, ndipo pa wa 29 May 1919 Arthur Eddington pa cisumbu ca Príncipe anajambula nyenyezi za pafupi na dzuwa poyesa mfundo ya Einstein. Koma Eddington anali kufuna mdima cabe kuti nyenyezi zioneke. Mwezi wokulilapo ukanam'patsa mdima womwewo, wotalikilapo. Ndipo "nthawi yeniyeni" imeneyi ni zaka mamiliyoni mazanamazana. Nyama zakale zija zochedwa dinosaur nazonso zinadelidwa masana.

Vuto lalikulu ni kaŵelengedwe kathu. Pa wailesi, womvela akatuma foni n'kupezeka kuti tinabadwa tsiku limodzi, tonse timakuwa. Anthu mahandiledi amene masiku athu sanafanane palibe amawakumbukila. Kumwamba kuli manambala osaŵelengeka: kukula, mtunda, liŵilo, kulemela. Mukasakasaka, aŵili adzafanana ndithu, ndipo tikawapeza timaiŵala onse amene sanafanane. Ku Mars, kamwezi ka Phobos kakadutsa kutsogolo kwa dzuwa sikalitseka lonse. Ku Jupiter, miyezi ikuluikulu imalitseka mopitilila. Ife tagwela capakati. Ndiponso njila ya mwezi wathu inapendekeka madigili 5, conco miyezi yambili mthunzi wake umaphonya dziko. Ukagwa, umakhala kamzele kocepa, nthawi zambili panyanja popanda munthu, moti malo amodzi amadikila zaka pafupifupi 375 tikatenga pakatikati.

Anthufe timakonda kuika tanthauzo pa mdima wa masana. Mu November 1835, Angoni a Zwangendaba akuwoloka Zambezi pafupi na Zumbo, dzuwa linada, ndipo nkhaniyo anaisunga mibadwomibadwo. Akatswili a mbili yakale anadziŵa caka ca kuwolokako cifukwa kadamsana amaŵelengeka, kutsogolo na kumbuyo komwe. Mthunzi uja ukanagwa pa Zambezi ngakhale pakanakhala palibe wowoloka.

Sinikukamba kuti 390 ionetsa kuti kulibe Mulungu. Telesikopu siingaweluze mlandu umenewo. Cimene nikukana ni kupatsa acinyamata umboni wobooka. Mng'ono wanu wa giledi 11 mukamuuza kuti cikhulupililo cake caimilila pa 400 na 400, tsiku lina adzagawa yekha pa kakyuleta. Akadzapeza 390, n'kuŵelenganso za mphete yamoto na masentimita 3.8, sadzati kavidiyo kanalakwitsa. Adzati akulu ananinamiza, ndipo adzayamba kufunsa kuti n'ciani cina cimene munamunamiza. Amene amakhulupilila kuti zonse zinalengedwa safunika nambala yokonzedwa na munthu wofuna ma like. Mwezi ukanaoneka theka la dzuwa, kodi mukanaleka kupemphela? Ngati yankho ni iyai, ndiye kuti 400 sinali maziko anu kucokela paciyambi. Lekani kuitumiza m'magulu.

Pa 25 November 2030 mthunzi udzadutsa Namibia, Botswana, South Africa na Lesotho, ndipo Windhoek na Durban kudzada m'maŵa. Tsikuli tikulidziŵa cifukwa anthu anakhala pansi n'kupima moleza mtima. Yambani kusunga ya basi, mudzagule magalasi oyenela oonela dzuwa, cifukwa magalasi akuda a pamsika sateteza maso. M'bale wanga wa ku Kanyama, tikakumane kumeneko. Mukadzagwada, nidzagwada namwe. Koma kakyuleta nidzanyamula.