ZA MAGALIMOTO ATHU: Galasi la Kumbuyo Likagwidwa ndi Dzimbiri

Awerengi athu a kumidzi, sabata ino tikambirane za kanthu kamene eni magalimoto ambiri sakaganizira kufikira tsiku limene kawagwiritsa mwala. Ndinena za makina amene amakweza ndi kutsitsa galasi la kumbuyo kwa galimoto.

Amalume anga, amene amalima nshawa ndi cimanga ku dera la Katete, ali ndi Toyota Hilux Surf yopangidwa mu 1993. Inabwera kucokera ku Japan itagwira kale nchito, monga zinzace zambiri zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Nakonde. M'mudzi mwao galimoto ndi yomweyi: imanyamula feteleza, mbeu, odwala, ndipo pena maliro. Tsono Surf za zaka za 1989 kufikira 1995 ziri ndi khalidwe lace. Citseko ca kumbuyo cimatsegukira pansi monga ca vaneti, ndipo sicingatseguke galasi lisanatsike ndi kubisala m'kati mwace. Galasi likakana, citseko cakananso.

Usiku wina wa mvula mu Febuluwale 2025, mai wina wa m'mudzimo anadwala matenda a pakati, ndipo panafunika kuthamangira naye ku cipatala ca St. Francis. Amalume anapinda mipando kuti wodwala agone bwino pa matilesi, nakanikiza batani. Galasi linatsika pang'ono, malo okwana zala zinai, kenaka linaima nji. Kukwera ai, kutsika ai. Maiyo anamlowetsera pa citseko ca m'mbali mobvutikira, azimai anzace atamgwira uku ndi uku, ndipo njira yonse madzi ndi utsi zinali kulowera pa mpata uja. Mwana anabadwa bwino, tithokoza Mulungu. Koma amalume anabwerera kumudzi atakwiya kotero kuti m'mawa mwace anatenga citsulo cocotsera tayala kuti alikanikize galasilo ndi mphamvu. Mwamwai azakhali anawaletsa. Galasi la kumbuyo siling'aluka mzere umodzi ai. Likasweka limanyenyeka lonse tizidutswa tonga mcere wa miyala, ndipo la galimoto ya zaka zoposa 30 simulipeza m'sitolo iri yonse.

Loweruka lotsatira ndinapita nao kwa makanika wina wacikulire pa Katete, ndipo zimene ndilemba pano ndi zimene ndinaona ndi maso anga.

Mkuluyo sanayambe ndi sipanala. Anayamba ndi khutu. "Bambo, kanikizani batani ndimve," anatero, atagunditsa mutu pa citseko. Mota inamveka kung'ung'udza kamphindi, ndi kukhala cete. Iye anati mota ikakhala duu osamveka konse, munthu ayambe wayang'ana fyuzi, batani lokhoma galasi, ndi mawaya amene amadutsa pa mahinji a citseko, pakuti mawaya amenewo amathyoka ndi kupindikapindika. Koma ikang'ung'udza ndiye kuti magetsi akufika, cagwira ndi citsulo. Apo lekani kukanikiza, mungapsereze mota imene inali yabwino.

Popeza citseko sicikanatseguka, analowera m'kati mwa galimoto, nacotsa cophimba ca citseko pamodzi ndi mbale yacitsulo imene iri kuseri kwace. Zimene tinapeza m'menemo zinandidabwitsa. Pansi pa citseko panali thope lonyowa lokwana kudzaza mbale ya ndiwo, ndipo m'thopemo munali njere za cimanga zitayamba kumera.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Madzi a mvula amatsetsereka pa galasi, ndipo ena amalowa ndithu m'citseko ngakhale labala wa m'mphepete ali watsopano. Akakhala wouma ndi wong'aluka ndi dzuwa amalowa ocuruka. Opanga magalimoto amadziwa zimenezi, n'cifukwa cace anaboola timabowo kunsi kwa citseko ciri conse kuti madziwo azituruka. Koma ife timayenda m'miseu ya fumbi miyezi isanu ndi iwiri. Fumbi limalowa, mvula yoyamba imalisandutsa thope, thope limatseka timabowo, ndipo citseko cimasanduka mtsuko. Citsulo cikakhala m'cinyezi pamene pali mpweya cimacita dzimbiri. Feteleza ndi mcere zimafulumiza nchitoyo, ndipo amalume caka ciri conse amanyamula matumba a Compound D ndi Urea atatsamira pa citseko comweco. Cina cimene ambiri sadziwa n'cakuti dzimbiri limatupa: limatenga malo akulu kuposa citsulo cimene ladya. Ndiye cifukwa cace limafinya ciri conse cimene cinayenera kuyenda momasuka.

Makina eni ace si obvuta kuwamvetsa. Pali mikono iwiri yacitsulo yopingasana monga sizasi. Mota imazunguza giya ya mano, giyayo imatsegula kapena kutseka sizasiyo, ndipo kunsonga kwa mikono kuli timagudumu tapulasitiki timene timayenda mu ngalande yacitsulo yogwira kunsi kwa galasi. Pa galimoto ya amalume ngalandeyo inali itatupa ndi dzimbiri, kagudumu kamodzi kataphwanyika, ndi pamene mikono imapingasana patauma gwa.

Makanika anacotsa waya wa batire, nacirikiza galasi ndi kathabwa kuti lisagwe. Kenaka anathira palafini pa mabauti onse ndi pa mfundo za mikono, nati tikadye nsima. Amalume anayamba kuwiringula za nthawi, koma mkuluyo anangoseka. "Bambo, dzimbiri la zaka khumi silimva kukalipa, limamva kunyowa." Ali ndi ndalama angagule mankhwala opopera onga WD-40, koma palafini kapena dizilo amagwiranso nchito akapatsidwa nthawi. Bauti imene mwaikakamiza isananyowe imaduka mutu, ndipo nchito ya tsiku limodzi imasanduka ya masiku atatu. Titabwerako anagogoda bauti iri yonse pang'ono ndi kahamala, naizunguza pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, kufikira zonse zinamasuka. Inaduka imodzi yokha.

Pano ndicenjeze amene afuna kudzicitira okha. Makina ambiri a mtundu wa sizasi ali ndi sipuling'i yamphamvu yopindidwa monga nkhata, imene imathandiza mota kunyamula galasi. Mukamasula mota mikono isanamangidwe, sizasiyo imatsekeka mwadzidzidzi ndipo ingadule cala. Makanika wathu anamanga mikonoyo ndi waya wolimba asanakhudze mota, ndipo anandionetsa cipsera ca pa dzanja lace cimene anacipeza akali mnyamata wophunzira nchito.

Ataturutsa galasi anakaliika pa bulangete kutali ndi pogwirira nchito. Mota anaiyesa payokha ndi mawaya awiri ocokera ku batire: inazungulira bwino, ndipo atasinthanitsa mawayawo inazungulira cobwerera. Inalibe mlandu. Mikono ndi giya anazitsuka m'palafini, nazikwecha ndi bulashi yawaya ndi sandipepala kufikira citsulo coyera cinaoneka. Ngalande inali itadyeka mbali imodzi, ndipo wowocherera wa pafupi anaikapo cigamba ca citsulo. Musalole munthu kuwocherera galasi liri pomwepo, pakuti nthethe za moto zimalisiya ndi timaenje, ndipo kutentha kungaliswe. Timagudumu anatitenga pa galimoto ina yakufa imene iri kuseri kwa garaja yace.

Pamene ndinaona kuti mkuluyu ndi mmisiri weniweni ndi pa zimene anacita pambuyo pace. Wina akanangobwezera zonse, ndi kulandira ndalama zace. Iye anakokolola thope lonse, natokosa timabowo ta kunsi ndi waya, nathira madzi kuti aone ngati akuturuka. Citauma citseko, anapaka penti wofiira woletsa dzimbiri m'kati monse ndi pa mikono yomwe. Girizi anaika pa mano a giya, pa mfundo, ndi mu ngalande ya timagudumu. Koma m'malabala a m'mbali mmene galasi limatsetsereka anakana kuikamo girizi kapena oilo wa injini, ngakhale amalume anampempha. Anati mafuta otere amaononga labala ndi kugwira fumbi. M'menemo mungotsuka ndi madzi a sopo, kapena kupopera mankhwala a silicone ngati alipo.

Mwina wina anganene kuti, nanga bwanji osangolisiya galasilo pamene laima, ndi kumatapo pepala lapulasitiki monga ticitira ambiri? Ndaona magalimoto otere pa mseu wa Great East, ndipo sindiwaseka, pakuti ndalama ya mlimi iri ndi nchito zambiri. Koma galimoto ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwace umazungulira ndi kubwerera m'kati ngati pali mpata, ndipo umabwera ndi utsi wa injini. Mu utsimo muli mpweya woipa wochedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha, koma umapweteketsa mutu, kugonetsa tulo, ngakhale kupha. Amene amakhala kumbuyoko kawirikawiri ndi ana ndi odwala.

Zonsezi zikhudzanso magalimoto ena akale, monga Peugeot 504, Datsun ndi Corolla, amene magalasi a zitseko zace za kumbuyo amapukusidwa ndi dzanja. Ambiri a iwo ali ndi mikono, giya ndi ngalande zonga zomwezi, ndipo onse ali ndi timabowo kunsi. Copukusira cikayamba kulimba, musacikakamize kufikira mano atatha. Cotsani cophimba muone.

Kugona pakati n'kuyambirira. Mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, gwadani pansi ndi kawaya m'manja, mutokose timabowo ta zitseko zonse, ndipo mukatsitsa feteleza sesani ndi kutsuka m'galimoto. Galasi la kumbuyo muzilitsitsa ndi kulikweza kamodzi pa sabata ngakhale mulibe katundu. Amalume nchito imeneyi anapatsa mdzukulu wao wa Giredi 7, amene amaicita Loweruka liri lonse mokondwa, cifukwa ndi mpata wokhawo umene amaloledwa kugwira kiyi. Labala wa m'mphepete mwa galasi sanapezeke pa Katete kapena pa Chipata, ndipo ndatumidwa kukamfunafuna ku Lusaka mwezi wa mawa.