Taphunzira kwa Ajapani ndi Amwenye, koma a ku Ndirande sitinawafunsepo

Mphunzitsi wa pulayimale mu Lusaka amagwira ntchito ndi nzeru za maiko ambiri ngakhale iye mwini sanakwerepo ndege. Misonkhano ya aphunzitsi ya pakati pa temu, imene timaitcha SPRINT, inazika mizu m'zaka za m'ma 1990 kudzera m'pulojekiti ya AIEMS yothandizidwa ndi boma la Britain. Kukonzera limodzi phunziro n'kumaonererana pophunzitsa kunachokera ku Japan. Ola la Catch Up linachokera ku India. Ine ndimaphunzitsa ana aang'ono pa sukulu ina ya boma m'mphepete mwa Heavy Industrial Area, komwe ana a ku Kanyama, George ndi Matero amafika m'mawa atazembazemba malole a mumsewu wa Mungwi ndi wa Lumumba, ndipo zonsezi ndazigwiritsapo ntchito. Chondidabwitsa n'chakuti chiyambireni kugwira choko sindinakhalepo pansi ndi mphunzitsi wa ku Malawi kapena wa ku Tete, amene ana ake amalankhula chilankhulo chomwechi chimene ana anga amalankhula. Ndikuona kuti tinawoloka nyanja kukafunsa nzeru, n'kulumpha mnzathu wa tsidya la malire a Mwami.

Sindikunyoza zimene alendo anatibweretsera. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Ajapani kanali kakuthwadi. Njira imene aphunzitsi tonse timangoitcha lesson study inayamba kuyesedwa m'chigawo cha Central mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la JICA, poyamba pa maphunziro a sayansi. Mu 2008 inafika ku Copperbelt ndi ku North-Western, kenako inafalikira m'zigawo zonse, moti pofika 2015 aphunzitsi oposa 40,000 anali atalowamo. Aphunzitsi a sukulu imodzi amasankha mutu umene ukuwavuta, n'kukonzera limodzi phunziro lake. Mmodzi amakaliphunzitsa m'kalasi, anzake atakhala kumbuyo ndi makope. Akatuluka amakambirana, amalikonzanso, wina n'kukaliphunzitsa ku kalasi ina, n'kukambirananso. Phunziro limodzi lokha likhoza kudya masabata angapo.

Chimene chinandivuta kuzolowera n'chakuti woonerera sayang'ana mphunzitsi. Amayang'ana ana. Ife tinakula ndi oyendera sukulu amene ankakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumalemba zolakwa zako, ndiye munthu aliyense akalowa ndi kope mtima umagunda. Koma mnzanga wina ataonerera phunziro langa la kuchotsera manambala, sananene chilichonse za ine. Anangondiuza kuti ana a mabenchi awiri akumbuyo anayamba kukopera mayankho ndisanamalize n'komwe chitsanzo choyamba, chifukwa mawu anga ankamezedwa ndi phokoso la malole, ndipo kamtsikana kena kankawerenga zala molondola koma n'kumalemba manambala chagada. Ine ndili kutsogolo, ndi ana odzaza mpaka pakhomo, zimenezo sindikanaziona.

Catch Up nayo ndi ya mtundu womwewo. Bungwe la Pratham ku India linaona kuti ana ambiri amakwera makalasi asakudziwa kuwerenga, ndiye linayamba kuwayesa mmodzimmodzi n'kuwagawa m'magulu potengera pomwe afika: osadziwa chilembo, odziwa zilembo, owerenga mawu, owerenga ndime, owerenga nkhani yonse. Mu 2016 unduna wathu unayesa njirayi m'sukulu 80 za ku Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, kwa ana a Giredi 3 mpaka 5, ndipo pambuyo pake inafika ndi kuno ku Lusaka. Zipangizo zake ndi timitengo tomanga m'mitolo, timakhadi ta zilembo ndi choko cholembera pansi. Mwana wa Giredi 5 amene wakhala akubisala kumbuyo zaka zinayi amakhala pansi ndi anzake ofanana naye, n'kuyambira pomwe anatsalira.

Njira ziwirizi zinakhalitsa chifukwa zikafika pa sukulu sizifunanso mlendo. Zimafuna mphunzitsi ndi mnzake, komanso ana patsogolo pawo. Zimene sizikhalitsa timazidziwanso tonse: msonkhano wa masiku atatu ku hotela, zoonetsa pakhoma, alawansi, kenako aliyense kwawo. Wopitako amayenera kudzaphunzitsa anzake, koma akabwera amapeza kalasi yake yatsalira, nkhaniyo n'kuthera m'chikwama. Ndinenenso zoona kuti ngakhale lesson study m'sukulu zina inasanduka yongodzaza buku la misonkhano kuti oyendera akabwera apeze masiginecha. Nawo magulu athu a WhatsApp, amene akanakhala bwalo lokambirana, ambiri ndi msika wopemphana masikimu ndi malesoni pulani olembalemba kale. Munthu amangosintha dzina la sukulu ndi tsiku.

Tsopano tili ndi vuto limene Mjapani kapena Mmwenye sangatithandize kwenikweni, ndilo la chilankhulo. Kuyambira 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 ankaphunzitsidwa m'chilankhulo cha m'dera lawo, ndipo kuno ku Lusaka chinali Chinyanja. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2025, inabweza Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira m'makalasi oyamba, zilankhulo zathu n'kukhala zothandizira pomwe ana sakumva. Makolo ambiri a m'makomboni anaomba m'manja, ndipo ndikuwamvetsa. Bambo amene amanyamula matumba m'fakitale usiku wonse amaona kuti wokhala mu ofesi ndi amene amalankhula Chingerezi. Koma mwana wake wa zaka zisanu ndi ziwiri amalowa m'kalasi ndi Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi cha mumsewu, chosiyana ndi cha m'mabuku, ndipo ine ndiyenera kumuphunzitsa kuwerenga ndi kuwonkhetsa pogwiritsa ntchito zilankhulo ziwiri zimene zonse sazigwira bwino. Ndisinthe liti kuchoka ku chimodzi kupita ku chinzake? Ndifotokoze kaye m'Chinyanja kenako ndibwereze m'Chingerezi, kapena ndiyambe Chingerezi? Nanga pa bolodi ndilembe chiti?

Aphunzitsi a ku Malawi akhala akulimbana ndi mafunso amenewa kwa zaka zoposa khumi. Lamulo lawo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, pomwe kale ana a Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzira m'chilankhulo cha kwawo, makamaka Chichewa. Mu 2016 anayambitsa National Reading Programme m'dziko lonse, yophunzitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi oyamba. Zimene zinayenda ndi zimene zinakanika, mphunzitsi wa Sitandade 1 amazidziwa kuposa lipoti lililonse. A ku Mozambique anayenda njira yosiyana. Pakati pa 1993 ndi 1997 anayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, ndipo ku Tete chilankhulo chinasankhidwa chinali Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi. Maiko atatu oyandikana akuphunzitsa ana a chilankhulo chimodzi, lililonse mwa njira yake, ndipo aphunzitsi ake a m'kalasi sauzana zimene apeza.

Mnzanga weniweni pa ntchitoyi ndi mphunzitsi wa ku Ndirande mu Blantyre, komboni yogundana ndi mafakitale a ku Makata monga momwe Kanyama yagundirana ndi athu kuno, kapena wa ku Area 25 ku Lilongwe pafupi ndi Kanengo. Ana ake makolo awo amagwira ntchito za mashifiti ndi maganyu, nyumba ndi zalendi, banja limasamuka pakati pa temu. Kalasi ya ana 100 si nkhani yachilendo kwa iye, pomwe ife kuchuluka kotere kunatikulira boma litachotsa fizi mu Januwale 2022. Chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi 30,496, koma zipinda sizimangidwa msanga ngati momwe ana amabwerera. A ku Malawi anachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ndiye kuphunzitsa chigulu cha ana ndi ntchito imene akhala nayo zaka zoposa 30. Ngakhale kolera inatigwera motsatizana. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Chaka chotsatira inali nthawi yathu: m'malo motsegulira pa 8 Januwale 2024 tinatsegulira pa 12 Febuluwale, odwala atadzaza ku National Heroes Stadium. Titabwerera, aliyense anadzipangira yekha njira yothamangitsira silabasi, chonsecho panali anzathu amene anali atangodutsa momwemo.

Kugwirizana kwa maiko athu awiri pa maphunziro si kwachilendo. Amishoni a Dutch Reformed amene anatsegula Mvera mu 1889 ndi omwenso anafika ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, ndipo sukulu zawo zinkaphunzitsa m'Chinyanja mbali zonse ziwiri. Nthawi ya atsamunda kunali bungwe limodzi lofalitsa mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, likulu lake muno mu Lusaka, ndipo buku la Chinyanja linkawerengedwa uku ndi uko. Mpaka lero Buku Lopatulika limene agogo amawerenga ku Matero ndi lomwelo limene amawerenga ku Nkhoma. Titalandira ufulu mu 1964, dziko lililonse linatseka chitseko cha sukulu zake. Malonda okha sanaime. Sopo ndi mabisiketi opangidwa m'mafakitale a mu Lusaka amadutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe, makwaya amayenderana, oimba a ku Malawi amadzaza maholo kuno. Buku la mwana wa Giredi 1 lokha ndiye limaima pa malire.

Ena adzati akuluakulu amakumana kale. N'zoona, a masamu ndi sayansi ali ndi bungwe lawo la SMASE-Africa, ndipo mabungwe a aphunzitsi monga ZNUT ndi TUM ya ku Malawi amadziwana. Koma zokambirana za kumeneko sizifika kwa mayi amene akuphunzitsa mavawelo kwa ana okhala anayi pa desiki imodzi. Ena adzati kalembedwe n'kosiyana, ife timalemba c pomwe a ku Malawi amalemba ch, ndipo mawu ena a kumudzi mwana wa ku Kanyama sawadziwa. Zimenezo mphunzitsi amazikonza ndi cholembera madzulo amodzi. Ngati tinatha kutenga njira yopangidwira ana a ku India n'kuisandutsa yathu, kankhani kolembedwa ku Domasi ku Malawi sikangatikanike. Ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mtanthauziramawu wa Chinyanja chokhachokha mu 2000, buku limene mphunzitsi aliyense wa Chinyanja kuno anayenera kukhala nalo pa tebulo.

Chodandaula chomveka ndi cha mabandulo ndi magetsi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, m'makomboni malaiti ankabwera pakati pa usiku n'kuzima kusanache, ndipo foni unkatchajitsa kwa mnzako wokhala ndi sola. Aliyense wokonza misonkhano ya pa Zoom ya maola awiri ndiye kuti sadziwa malipiro a mphunzitsi. N'chifukwa chake sindikupempha zimenezo. Kavidiyo ka mphindi khumi kojambulidwa pa foni, koonetsa ana osati nkhope ya mphunzitsi, makolo atavomera, kakhoza kutumizidwa nthawi iliyonse netiweki ikapezeka. Gulu la aphunzitsi asanu kuno liuonere pa msonkhano wake wa masiku onse, liyankhe ndi mawu ojambula, kenako nalo litumize lake. Nthawi yathu ndi ya ku Malawi ndi imodzi, pomwe Japan ili patsogolo ndi maola 7. Palinso mwayi wina umene sitinauganizire. Chaka cha sukulu ku Malawi chimayamba mu Seputembala, chathu mu Januwale, ndiye pomwe ife tikuyamba kuphunzitsa zilembo zoyamba, iwo amakhala atangomaliza temu yomweyo, akukumbukira bwino pomwe ana anapunthwa.

Dongosolo lake lilipo kale mbali zonse ziwiri. Ife tili ndi mazoni ndi maresource centre, iwo ali ndi ma TDC ndi alangizi a sukulu za pulayimale otchedwa ma PEA. Chofunika ndi kalata imodzi pakati pa maunduna awiri yololeza zoni ya ku Kanyama kulumikizana ndi zoni ya ku Ndirande, ndi kuti a Teaching Council of Zambia aziwerengera ntchito imeneyi pa maphunziro a pantchito amene amafunika pokonzanso laisensi. Ndikupemphanso kuti aphunzitsi a sukulu za komyuniti asasiyidwe kunja. Ku Kanyama ndi ku George sukulu zimenezi zilipo zambiri, zina m'matchalitchi, zina m'nyumba zalendi, ndipo ena mwa aphunzitsi ake sanapiteko ku koleji. Iwo ndi amene akufunika kwambiri kuona mnzawo akuphunzitsa, koma kawirikawiri uthenga wa misonkhano umawafika mochedwa.

Mutu woyamba ndikanasankha wa kuchotsera manambala mobwereka kwa ana a Giredi 2. Ndikufuna kuona mphunzitsi wa Sitandade 2 ku Ndirande akuufotokoza kwa ana 100, ndimve kuti Chingerezi amachisiya pa chiganizo chiti n'kulowa m'Chichewa, ndiponso kuti ana a benchi yakumbuyo amakhala akuchita chiyani nthawi imeneyo.